CINGWE CA MFUNDO 12 CIMENE CIONGOLA NYUMBA NDI MUNDA

Kukolola kukatha, cimanga cikalowa m'nkhokwe, midzi yambiri ya m'Cigawo ca Kum'mawa, kuyambira ku Nyimba ndi ku Petauke kufikira ku Chipata, Chadiza ndi Lundazi, iyamba nchito ina ya m'cilimwe. Anthu aumba njerwa m'mbali mwa madambo naziocha, ndipo ndalama za thonje, fodya, nshawa ndi mpendadzuwa zisanduka malata, misomali ndi matumba a simenti. Banja limene lakhala likusunga ndalama zaka zitatu kapena zinai liyembekeza kulowa m'nyumba yatsopano mvula yoyamba isanagwe.

Koma si nyumba zonse zimene zifika pa denga popanda madandaulo. Zina zioneka bwino makoma akali m'ciuno, ndipo colakwa cake cidzaonekera tsiku lokhoma malata. Lata loyamba likhala bwino, laciwiri lipatuka pang'ono, ndipo pofika kumapeto kwa denga, mbali ina malata atulukira kunja mosalingana pamene mbali ina khoma latsala pamvula. Apo mkangano ubuka. Mwini nyumba adzudzula kalipentala, kalipentala aloza womanga, womanga naye aloza anyamata amene anakumba maziko. Malata odulidwa sabwezedwa ku sitolo, ndipo khoma louma siliongoka ndi mau.

Kawirikawiri gwero la mabvuto onsewa liri pa tsiku loyamba, pamene zikhomo zinai zinakhomedwa pansi mongoyerekeza ndi maso. Akale anati mmera mpoyamba. Nyumba yozungulira ya makolo inalibe bvuto lotere, pakuti cikhomo cimodzi pakati ndi cingwe cimodzi zinali zokwanira kulemba malo ake. Nyumba ya ngodya zinai ifuna nzeru ina, ndipo nzeruyo siri ya mtengo wapatali. Iri m'lamulo limodzi la masamu limene anthu analidziwa zaka zoposa 3,500 zapitazo.

LAMULO LAKE

Cinthu ca mbali zitatu ndi ngodya zitatu ana a sukulu acicha thirayango. Mwa mitundu yake yonse, wofunika kwa mmisiri ndi uja umene uli ndi ngodya imodzi yonga ya citseko, ya buku kapena ya lata, imene amisiri aicha sikweya ndipo aphunzitsi ati iri ndi madigiri 90. Mbali ziwiri zokumana pa ngodya imeneyi ndizo zazifupi. Mbali yacitatu, yopenyana ndi ngodyayo, ndiyo yaitali nthawi zonse.

Lamulo lake ndi ili. Munthu ayese mbali imodzi yaifupi, aculukitse muyeso wake ndi muyeso womwewo. Acite cimodzimodzi ndi mbali yaifupi inzake, ndipo aphatikize mayankho awiriwo. Ciwerengero cimene apeza cilingana ndi muyeso wa mbali yaitali utaculukitsidwa ndi iwo wokha.

Citsanzo capafupi ndi ca mbali za mamita 3 ndi mamita 4. Apa 3 x 3 ndi 9, ndipo 4 x 4 ndi 16. Kuphatikiza 9 ndi 16 kupatsa 25. Nambala imene ikaculukitsidwa ndi iyo yokha ipatsa 25 ndi 5. Cotero mbali yaitali iyenera kukhala mamita 5, osaposa kapena kuperewera.

Lamuloli ligwiranso nchito mobwerera, ndipo apa ndi pamene pagona phindu la womanga. Ngati mbali zitatu ziri 3, 4 ndi 5, ngodya ya pakati pa 3 ndi 4 singacitire mwina koma kukhala sikweya. Muyeso ungakhale wa mamita, wa mafiti amene amisiri acikulire akali kuwakonda, kapena wa mpini wa khasu. Cofunika ncakuti muyeso ukhale umodzi pa mbali zonse zitatu.

Manambala ena amene acita cimodzimodzi ndi 6, 8 ndi 10. 9, 12 ndi 15. 5, 12 ndi 13. Komanso 8, 15 ndi 17. Kalipentala wopanga thebulo angayese masentimita 60 mbali ina ndi 80 mbali inayo. Ngati pakati pa zizindikiro ziwirizo pali mita imodzi yeniyeni, ngodya yace iri bwino.

KUKONZA CINGWE

Banja lopanda sikweya yacitsulo lingadzipangire cida cake. Lipeze cingwe colimba, cosatamuka, ndi kucigawa m'zigawo 12 zolingana, pomanga mfundo kapena kansalu pa cigawo ciri conse. Ngati thepi ilipo, cigawo ciri conse cikhale mita imodzi. Ngati palibe, ndodo imodzi yoongoka ikwanira. Nsonga ziwiri za cingwe zimangidwe pamodzi, kuti mfundo yoyamba ikhalenso yomariza.

Cala cimodzi siciswa nsabwe, ndipo nchito iyi ifuna anthu atatu. Woyamba agwire polumikiza nsonga. Waciwiri awerenge zigawo 3 kucokera pamenepo nagwire. Wacitatu awerenge zigawo zina 4 kucokera pa waciwiri nagwirenso. Pakati pa wacitatu ndi woyamba patsala zigawo 5. Onse atatu akakoka mpaka cingwe citaongoka mbali zonse, ngodya imene iri m'manja mwa munthu waciwiri ndiyo sikweya.

Poyamba maziko, womanga asankhe kumene nyumba idzapenya, akhome zikhomo ziwiri ndi kukoka cingwe ca khoma lakumaso. Munthu waciwiri aike mfundo yake pa cikhomo ca pangodya, wacitatu agoneke zigawo zake 4 motsata cingwe ca khomalo, ndipo kumene woyamba adzaima ndiko kumene khoma la m'mbali liyenera kulowera. Akhome cikhomo pamenepo ndi kupitiriza mzerewo kufikira utali umene afuna.

Pali zinthu zitatu zoyenera kusamala. Coyamba, cingwe ca khonje kapena ca luzi cisintha utali cikanyowa, ndipo ca nayiloni citamuka cikakokedwa mwamphamvu. Ncifukwa cake ciyenera kuyesedwanso tsiku liri lonse la nchito. Caciwiri, malo asalazidwe, ndipo ngati ali otsetsereka, zingwe zikhale zogona molingana, osati kutsata kutsetsereka kwa nthaka. Cacitatu, thirayango wamkulu aposa wamng'ono. Kulakwa kwa cala cimodzi pa muyeso wa masentimita 60 kukula kwambiri pofika kumapeto kwa khoma, koma kulakwa komweko pa mamita 6, 8 ndi 10 sikuoneka nkomwe.

KUYESA MOPINGASA

Zikhomo zinai zikaima, nchito siinathe. Mmisiri wodziwa ayesa mopingasa, kucokera pa ngodya imodzi kufika pa ngodya yopenyana nayo, ndipo ateronso ndi ngodya ziwiri zotsala. Cingwe copingasa cigawa nyumba m'mathirayango awiri, ndipo iconso ndico mbali yaitali ya onse awiri.

Nyumba ya mamita 8 m'litali ndi mamita 6 m'lifupi iyenera kupatsa mamita 10 mopingasa, pakuti 64 ndi 36 apanga 100, ndipo 10 x 10 ndi 100. Nyumba ya mamita 12 ndi 9 ipatsa mamita 15.

Si nthawi zonse pamene yankho lituluka lathunthu. Nyumba ya mamita 7 ndi 5 ipatsa 49 ndi 25, ndiko kuti 74. Popeza 8 x 8 ndi 64 ndipo 9 x 9 ndi 81, yankho liri pakati pa 8 ndi 9. Poyesa 8.6 x 8.6 papezeka 73.96, kumene kuli pafupi kwambiri ndi 74. Cotero cingwe copingasa cikhale mamita 8 ndi masentimita 60. Mafoni ambiri a m'manja ali ndi powerengera masamu, ndipo mwana wa sukulu angapeze yankho lotere madzi a nsima asanawire.

Anthu ena aganiza kuti makoma openyana akalingana utali, zonse ziri bwino. Si tero ai. Nyumba ingakhale ndi makoma awiri a mamita 8 ndi awiri a mamita 6 koma yonse itapendamira mbali imodzi, monga bokosi lopanda kanthu limene munthu walitsamira. Pa nyumba yotere, cingwe cimodzi copingasa cikapezeka mamita 10 ndi masentimita 20, cinzake cikhala pafupifupi mamita 9 ndi masentimita 80, ndipo mapeto a khoma lalifupi akhala atacoka pa malo ake ndi masentimita 25, ndiko kuti pafupifupi njerwa imodzi yathunthu. Ndi kusiyana kumeneku kumene kudzabvutitsa wokhoma malata.

Ndiponso zingwe zopingasa kulingana pazokha sikukwanira, pakuti nyumba yopapatiza kumbuyo ndi yotambalala kumaso ingathe kukhala nazo zolingana. Zinthu zitatu ziyenera kugwirizana: makoma awiri aatali alingane, makoma awiri aafupi alingane, ndipo zingwe ziwiri zopingasa zilinganenso. Cikhomo cisunthidwa ndi dzanja limodzi, koma khoma lifuna kugumula. Mwini nyumba ali ndi ufulu wopempha mmisiri kuti ayese iye akuona, khasu lisanagwe pansi, ndipo mmisiri weniweni sakwiya nalo pempho lotere.

DENGA, MAKWERERO NDI CIPATA

Lamulo lomweli lithandiza munthu asanapite kukagula malata. Nyumba ya mamita 6 m'lifupi, ya denga lotsikira mbali ziwiri, iri ndi mamita 3 kucokera pa khoma kufika pakati. Ngati mtanda wa pamwamba ukwera mita imodzi ndi masentimita 25 kuposa makoma, utali wa phaso upezeka motere: 300 x 300 ndi 90,000, 125 x 125 ndi 15,625, pamodzi ndi 105,625, ndipo nambala yopatsa ciwerengero cimeneci ndi 325. Phaso lifuna mamita 3 ndi masentimita 25 kungofika pa khoma.

Munthu amene anagula malata a mamita 3 poganiza kuti theka la nyumba ndi mamita 3 adzapeza kuti aperewera ndi masentimita 25, osawerengera gawo loyenera kutulukira kunja kuti mvula isamenye khoma. Adzabwerera ku tauni, nalipiranso galimoto kapena ngolo.

Denga la udzu lifuna kutsetsereka kwambiri kuti madzi asakhalitse ndi kuoletsa udzu. Ofolera odziwa akweza mtanda molingana ndi theka la kutambalala kwa nyumba, kapena kuposerapo. Pa nyumba yomweyo, mtanda ukakwera mamita 3, masamu ake ndi 9 kuphatikiza 9, ndiko kuti 18, ndipo phaso likhala mamita 4 ndi masentimita 24. Wodula mitengo akadziwa zimenezi asanalowe m'thengo, sagwetsa mitengo imene idzangotayidwa cifukwa ca kufupika.

Makwerero otsamira khoma nawonso apanga thirayango pamodzi ndi khoma ndi nthaka. Malangizo a citetezo pa nchito ati pa mamita 4 ali onse okwera m'mwamba, miyendo ya makwerero italikire khoma ndi mita imodzi. Apa 16 ndi 1 apanga 17, ndipo kucokera pansi kufika potsamira pakhala mamita 4 ndi masentimita 12. Kuonjezerapo mita ina yogwirira pokwera pa denga, makwerero afunika kuposa mamita 5. Makwerero aafupi akakamiza munthu kuwaimika cilili, ndipo otere abwerera cagada pamodzi ndi mwini wake.

Cipata ca khola kapena ca dimba cimene cigwera pansi mbali imodzi cisowa thabwa lopingasa. Cinthu ca mbali zinai cingapendame ngakhale misomali iripo, koma ca mbali zitatu sicisintha maonekedwe pokhapokha mbali ina itathyoka. Cipata ca masentimita 120 ndi 90 cifuna thabwa lopingasa la masentimita 150.

M'MUNDA NDI PA BWALO

Alimi a m'Zambia adziwa muyeso wa lima, umene unafala ndi nchito ya alangizi a zaulimi m'zaka za m'ma 1980. Lima imodzi ndi gawo limodzi mwa magawo anai a hekitala, ndiko kuti munda wa mamita 50 mbali zonse zinai, wokhala ndi masikweya mita 2,500. Mbeu ndi feteleza zimene alangizi achula pa lima ziwerengedwa pa kukula kumeneku.

Munda wa lima ukakhala woongoka, cingwe copingasa cikhala mamita 70 ndi masentimita 71, pakuti 2,500 kuphatikiza 2,500 ndi 5,000. Koma munda ungakhale ndi mbali zinai za mamita 50 osakwana lima. Ngati cingwe cimodzi copingasa ciri mamita 80, cinzake cikhala 60, ndipo mundawo uli ndi masikweya mita 2,400 okha. Malo a mamita 10 ndi 10 asowa. Cingwe cikafika mamita 90, malo otsala sakwana 2,000, ndipo gawo loposa limodzi mwa magawo asanu lapita. Mlimi wotere athira feteleza wa lima yathunthu pa munda wocepa, ndipo wolipira ganyu kapena ng'ombe zolimira pa lima alipira malo amene kulibe.

Kuti ngodya ya munda iongoke, mlimi ayese mamita 30 mbali imodzi ndi mamita 40 mbali inayo, ndi kusuntha cikhomo mpaka pakati pa zizindikirozo patakwana mamita 50. Njira yomweyi ithandiza anduna a mfumu pogawa malo a nyumba, ndipo malire oyesedwa bwino pamaso pa mboni acepetsa milandu pakati pa anansi.

Aphunzitsi olemba bwalo la mpira angatenge mamita 100 m'litali ndi 75 m'lifupi, muyeso umene malamulo a mpira alola. Mopingasa payenera kukhala mamita 125. Komiti yofuna kugula mapaipi a madzi ingapindulenso. Ngati njira yocokera pa citsime ipita mamita 400 kum'mawa ndi kukhota mamita 300 kumpoto, woyenda aponda mamita 700, koma paipi yodutsa molunjika ifuna mamita 500 okha. Oyesa malo a Boma, powerenga mtunda wa pakati pa miyala iwiri ya malire pa mapu ao, agwiritsa nchito lamulo lomweli.

CIFUKWA CAKE NCIANI?

Safunsa anadya phula. Munthu angafunse ngati lamuloli ligwira pa 3, 4 ndi 5 pokha mwa mwai, kapena pa thirayango ali yense wa ngodya ya sikweya. Yankho lingaoneke ndi maso pa mphasa, pogwiritsa nchito katoni yakale ndi mpeni.

Munthu adule mathirayango anai ofanana, a mbali zazifupi za mainchesi 3 ndi 4. Alembe pansi bwalo la mbali zinai zolingana ndi ngodya za sikweya, mbali iri yonse mainchesi 7, ndiko kuti 3 kuphatikiza 4. Aike thirayango mmodzi pa ngodya iri yonse ya bwalolo, motsatana mozungulira, kuti pa mbali iri yonse 3 wa thirayango wina akumane ndi 4 wa mnzake. Pakati patsala malo opanda kanthu a mbali zinai zolingana, opendeka, ndipo mbali yake iri yonse ndiyo mbali yaitali ya thirayango.

Tsono acotse mathirayangowo, awaphatike awiriawiri pa mbali zao zazitali kuti apange timabokosi tiwiri ta 3 ndi 4, ndi kutiika pa ngodya ziwiri zopenyana za bwalo lomwelo, kena cogona, kena coimirira, nsonga zao zitakhudzana. Malo otsala tsopano ndi awiri: ena a 3 mbali zonse, ena a 4 mbali zonse.

Bwalo silinasinthe, ndipo makatoni anai ndi omwe aja. Cotero malo opanda kanthu a poyamba alingana ndi malo awiri a pambuyo ataphatikizidwa. Bwalo lonse ndi 7 x 7, ndiko kuti 49. Makatoni aphimba 24. Potsala ndi 25, amene poyamba anali malo amodzi ndipo pambuyo agawika kukhala 9 ndi 16. Munthu akadula mathirayango a miyeso ina iri yonse, malinga ngodya imodzi ndi ya sikweya, zotsatira zake zidzakhala zomwezo, pakuti kusuntha makatoni sikuonjezera kapena kucepetsa malo.

ANTHU AMENE ANALIDZIWA KALE

M'mabuku a sukulu lamuloli lichedwa ndi dzina la Pythagoras, munthu wa ku Greece amene anabadwira pa cisumbu ca Samos ca m'ma 570 Kristu asanabadwe, nasamukira ku Croton, kumwera kwa Italy, kumene anasonkhanitsa ophunzira ake. Palibe buku lolembedwa ndi dzanja lake limene lilipo, ndipo amene anagwirizanitsa dzina lake ndi lamuloli ndi olemba a zaka mazana angapo pambuyo pake.

Anthu a ku Babylon, m'dziko limene lero lichedwa Iraq, analidziwa zaka zoposa 1,000 iye asanabadwe. Iwo anali kulemba pa mapale a dothi. Phale lina, lochedwa Plimpton 322, lolembedwa ca m'ma 1800 Kristu asanabadwe ndipo lisungidwa pa Columbia University ku New York, liri ndi mizere 15 ya manambala ogwirizana ndi lamuloli. Mzere woyamba uli ndi 119 ndi 169, amene ayendera pamodzi ndi 120. Phale lina, losungidwa pa Yale University, lionetsa cinthu ca mbali zinai zolingana za muyeso 30, ndi mzere wopingasa wa muyeso woposa 42 pang'ono, yankho limene ligwirizana bwino lomwe ndi la makina a lero.

Ku India, ansembe omanga maguwa a nsembe anali kuyesa ndi zingwe ndi zikhomo, monga acitira womanga wa m'mudzi. Malangizo ao, ochedwa Sulba Sutra, analembedwa zaka mazana angapo Kristu asanabadwe, ndipo a Baudhayana achula lamuloli pamodzi ndi miyeso monga 3 ndi 4, 5 ndi 12, 8 ndi 15. Ku China, buku la masamu la mitu isanu ndi inai, la zaka pafupifupi 2,000 zapitazo, linapatula mutu wake womariza ku nkhani imeneyi. Limodzi la mafunso ake ndi la nsungwi ya miyeso 10 imene yathyoka, nsonga yake nigunda pansi miyeso 3 kucokera pa tsinde. Yathyokera pati? Yankho ndi 4.55 kucokera pansi, ndipo wofuna kutsimikiza aone kuti gawo logwa ndi 5.45.

Mu Africa, mu mzinda wa Alexandria ku Egypt, Euclid analemba buku lake lochedwa Elements ca m'ma 300 Kristu asanabadwe. Mfundo ya 47 ya gawo loyamba itsimikiza lamuloli, ndipo ya 48 itsimikiza kubwerera kwake, kumene womanga adalira.

Pafupi ndi Cigawo ca Kum'mawa, ku Mozambique, mphunzitsi wa masamu Paulus Gerdes, amene anamwalira mu 2014, analemba za njira zimene alimi a kumeneko aikira maziko a nyumba. Ena agoneka nsungwi zinai, ziwiri zazitali zolingana ndi ziwiri zazifupi zolingana, nazisuntha mpaka zingwe zopingasa zitalingana. Ena amanga zingwe ziwiri zolingana pakati penipeni, namangirira nsonga imodzi ya ciri conse ku zikhomo ziwiri za khoma limodzi. Zingwezo zikakokedwa ndi kuongoka, nsonga zotsala zisonyeza ngodya ziwiri zinazo. Mu 1992 Gerdes anatulutsa buku lochedwa Pitágoras Africano, losonyeza kuti lamuloli lingaphunzitsidwe kucokera pa maluko a madengu ndi zokongoletsa zina za anthu a mu Africa.

Njira zotsimikizira lamuloli nzambiri. James Garfield anafalitsa yake mu 1876, zaka zisanu asanakhale mtsogoleri wa dziko la America. Elisha Loomis anasonkhanitsa njira 370 m'buku lake losindikizidwanso mu 1940. Mu 2023 atsikana awiri a sukulu ya sekondale ku New Orleans, Calcea Johnson ndi Ne'Kiya Jackson, anaonetsa njira yao pa msonkhano wa akatswiri a masamu, ndipo mu 2024 nchito yao inasindikizidwa m'magazini ya American Mathematical Monthly. Makolo amene aganiza kuti masamu ndi a ana amuna okha ayenera kulingalira nkhani imeneyi.

NZERU YA PA SUKULU IFIKE PA KHOMO

M'midzi yambiri muli ana amene aloweza lamuloli cifukwa ca mayeso koma sanaligwiritsepo nchito ndi cingwe, ndiponso muli amisiri amene ayesa 3, 4 ndi 5 caka ndi caka osadziwa kuti ndi cinthu comweco cimene ciri m'buku la mwana wao. Awiriwa akakumana pa malo omangapo nyumba, mwana amvetsa cimene mphunzitsi anali kunena, ndipo mmisiri apeza womuwerengera miyeso imene siituluka yathunthu.

Banja lokonzekera kumanga liyenera kulemba pa pepala utali ndi kutambalala kwa nyumba, kuwerengeratu muyeso wopingasa ndi utali wa phaso, ndi kupita nalo pepalalo kwa mmisiri ndi ku sitolo. Makomiti omanga zipinda za sukulu, nyumba za aphunzitsi, zipatala zazing'ono ndi mashedi a mbeu mwa nchito yodzithandiza ayenera kucita cimodzimodzi, pakuti ndalama zimene agwira nza anthu ambiri. Cingwe ca mfundo 12 cingasungidwe kwa mfumu kapena pa sukulu, kuti ali yense wofuna kukhoma zikhomo acibwereke.